USB-C: pochajira pafanana, koma nthambo zisiyana mphamvu

Kuyambira pa 28 Disembala 2024, lamya iliyonse yatsopano ya m'manja yogulitsidwa m'maiko 27 a bungwe la European Union iyenera kukhala ndi kabowo kochajira ka mtundu wa USB-C. Lamuloli likhudzanso matabuleti, makamera ndi zomvetsera za m'makutu, pomwe opanga malaputopu anapatsidwa nthawi kufikira pa 28 Epulo 2026.

Nyumba ya malamulo ya bungweli inavomereza lamuloli pa 4 Okutobala 2022, pamene aphungu 602 anavomera ndipo 13 anakana. Bungweli linati machaja otayidwa ndi osagwiritsidwa nchito amafika matani 11,000 pa caka.

Mkanganowu ndi wakale. M'caka ca 2009 makampani monga Nokia, Samsung ndi Apple anasaina pangano lodzifunira, ndipo mitundu ya machaja inatsika kucoka pa 30 kufika pa itatu. Ambiri anasankha Micro-USB, koma Apple inatulutsa nthambo yakeyake ya Lightning mu 2012. Kampaniyi inatsutsa lamulo latsopanoli ponena kuti lidzabweza m'mbuyo luso la zopangapanga, komabe mu Seputembala 2023 inatulutsa iPhone 15 ili ndi USB-C.

Mtundu wa USB-C unalengezedwa mu 2014. Kamutu kake nkofanana mbali zonse ziwiri, motero kamalowa ngakhale mutakatembenuza, cinthu cimene aliyense amene anavutikapo ndi Micro-USB mumdima angayamikire. Nthambo imodzimodziyo imanyamula magetsi, mafailo, ngakhalenso zithunzi zopita pa TV ngati lamya ndi nthamboyo zili ndi mphamvu yotero.

Apa ndi pamene ogula ambiri amasokonezeka. Cimene cafanana ndi kamutu cabe. Nthambo wamba ya USB-C mbali zonse imapirira mphamvu yofika mawati 60. Zonyamula mawati 100 kapena 240 zimakhala ndi kacipangizo kakang'ono m'kamutu, kamene kamauza chaja kuculuka kwa magetsi omwe nthamboyo ingathe kusenza. Popanda kacipangizoko, chaja yamphamvu imacepetsa magetsi ndipo laputopu imadzaza mocedwa. Liwiro lotumizira mafailo nalo lisiyana: iPhone 15 wamba imatumiza pa liwiro lakale la USB 2.0, pomwe iPhone 15 Pro ili ndi liwiro loposa pamenepo kuwirikiza pafupifupi 20.

Lamuloli silimanga dziko la Zambia. Koma popeza malamya athu amacokera kunja, ndipo makampani akuluakulu sakonda kupanga lamya imodzi m'mitundu iwiri, kusinthaku kwafika kale m'masitolo a mu Lusaka ndi ku Chipata. Ma iPhone akale ogulidwa kwa ena akali kufuna Lightning, ndipo timalamya tambiri ta mabatani tikali ndi Micro-USB. Wogula nthambo ayenera kuyamba waona kabowo ka lamya yake, kenako nambala ya mawati yolembedwa pa cikuto ca nthamboyo.