Mbiri ya Timitsempha ta Mwazi ndi Makomo Ace

Munthu akalumidwa ndi njuci, pamalopo patupa. Tonse tinaona cimeneci, koma ndi owerengeka amene afunsa kumene madzi otupitsawo acokera. Anthu ophunzira anatha zaka zoposa 300 alikufuna-funa yankho lace.

M'caka ca 1628 William Harvey, sing'anga wa ku London, anaonetsa kuti mtima ukankha mwazi, ndipo mwaziwo uzungulira thupi lonse nubwereranso kumtima. Koma anamwalira mu 1657 asanaone njira imene mwazi udzera pocoka m'mitsempha yopita kulowa m'mitsempha yobwerera. Mu 1661 Marcello Malpighi wa ku Italy anayang'ana mapapu a cule ndi galasi lokuza zinthu, napeza timitsempha toonda koposa tsitsi, tolumikiza mitsempha yamitundu iwiriyo.

Khoma la timitsemphato liri ngati mpanda wa bango: anapiye apyola, koma mbuzi ai. Madzi, mcere ndi shuga zipyola mosabvuta kukadyetsa mnofu. Koma m'mwazi mulinso zinthu zina zokulirapo, dzina lace mapuloteni, zimene sizipyola msanga. Mu 1896 Ernest Starling wa ku London, poyesa miyendo ya agaru, anapeza kuti mapuloteni otsala m'mwaziwa ndiwo akoka madzi kuti asathawire kunja onse. Akacepa, monga pa nthenda zina za impso ndi za ciwindi, miyendo ndi mimba zitupa.

Komabe panatsala cozizwitsa cimodzi: mapuloteni ena anali kupezeka kunja kwa timitsempha. Nanga mbuzizo zinaturuka bwanji? Mu 1951 John Pappenheimer wa ku Harvard, m'dziko la America, anayesa miyendo ya amphaka, nawerengera kuti khomalo liri ndi timabowo tambiri-mbiri. Koma timabowoto tinali tocepa, mapuloteni akuru sakadatha kudzerapo. Mu 1953 George Palade, mbadwa ya ku Romania wokhala ku New York, anayang'ana khomalo ndi galasi lamphamvu loyendera magetsi. Iye anaona timatumba m'kati mwa khoma, naganiza kuti ndito timeza zinthu mbali ya mwazi ndi kukazilabvula kunja. Pambuyo pace, mu 1956, Gunnar Grotte wa ku Sweden anaonetsa kuti pakati pa timabowo tambiri tija palinso njira zazikuru zowerengeka.

Lero tidziwa kuti makomowa sali ofanana m'thupi monse. M'ciwindi ali otseguka kwambiri, koma mu ubongo ali otsekeka zolimba kuti zoipa zisalowe. Mapuloteni amene aturuka satayika ai. Iripo mitsempha yina yoonda, yopanda mwazi, imene iwatola pamodzi ndi madzi, niiwabwezera m'mwazi pafupi ndi khosi.

Tsono tibwerere kwa njuci ija. Ululu wace ucititsa kuti khoma litseguke kwa kanthawi. Mapuloteni aturuka ocuruka, madzi nawatsata, ndipo pamalopo patupa. Khoma likatsekekanso, cotupaco ciphwa cokha. Koma kutupa kwa miyendo kapena kwa nkhope kumene kukhala masiku ambiri osaphwa kuli kwina. Kumeneko kutiuza kuti cina calakwika m'kati, kapena m'mwazi, kapena mu mtima, kapena mu impso. Munthu wotere, makamaka mwana kapena mai wapakati, apite naye ku cipatala msanga.