Sitediyamu ili kwa ndani? Mbiri ya mkangano umene sutha

Mkanganowu unayambira pa benchi ya pagolosale kuno ku Magaleta, titangomaliza kumvera mpira pa wayilesi. Mnzanga wina wa Maule anamenya tebulo n'kunena kuti: "Aise, sitediyamu ija anatilanda. Inali ya ku Blantyre ija." Wina wosapota Silver anamuseka: "Iwe, likulu la dziko lili kuti? Zonse zizingopita kwanu basi?" Amalume anga, amene anali phee nthawi yonseyi, anangofunsa funso limodzi: "Ana inu, mwa nonsenu, ndani anapondamo mu Bingumo?" Palibe anayankha.

Funso la amalumelo landivutitsa sabata yonse. N'chifukwa chake ndati lero tibwerere m'mbuyo pang'ono, tione kumene mkanganowu unachokera.

Tiyambire ku Chichiri. Bwalo limene lero timalitcha Kamuzu Stadium linamangidwa nthawi ya atsamunda, ndipo linkatchedwa Rangeley Stadium, dzina la mzungu amene anali mkulu wa boma m'chigawo cha kumwera. M'bwalo limeneli ndi mmene mbendera ya Britain inatsitsidwa usiku wolowera pa 6 July 1964, yathu n'kukwera. Kenaka linatenga dzina la Kamuzu. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994 linakhala Chichiri Stadium, ndipo Bingu wa Mutharika atalowa m'boma anabwezeretsa dzina la Kamuzu. Mayina ankasintha ndi maboma, koma bwalolo silinasunthe.

Ndipo mphamvu yake inali pamalo pomwepo. Lili m'mbali mwa msewu waukulu wa pakati pa Blantyre ndi Limbe. Wa ku Ndirande amangotsetsereka wapansi. Wa ku Zingwangwa, Chilomoni kapena Bangwe akwera minibasi, ndipo mpira ukatha amakadya nsima kunyumba kwake. Anthu sankadzaza bwalolo chifukwa cha kukongola kwa masitepe ake a simenti ayi. Ankalidzaza chifukwa linali pafupi ndi mapazi awo.

Mu 1975 likulu la dziko linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe. Maofesi a boma anasamuka, koma mpira waukulu unatsalira ku Blantyre. Ku Lilongwe kunali Civo ndi Silver, mabwalo ocheperapo. Kwa zaka zambiri, Flames ikamasewera pakhomo, "pakhomopo" kawirikawiri ankanena ku Chichiri.

Zinthu zinatembenuka kumapeto kwa 2007, pamene Malawi inasiya ubale ndi Taiwan n'kugwirana chanza ndi China. Ubale watsopanowu unabwera ndi zomangamanga: nyumba ya malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, yunivesite ya sayansi, komanso sitediyamu yatsopano ya dziko. Poyamba sitediyamuyo inayenera kukhala ku Lilongwe, koma boma la Bingu linasintha maganizo n'kunena kuti ipite ku Blantyre. Apa ndi pamene moto unabuka.

A ku Blantyre anali ndi mfundo zawo. Bullets ndi Wanderers, matimu amene amakoka anthu ambiri m'dziko muno, ali kumeneko. Bwalo la Kamuzu linali litakalamba. Mumange bwanji nyumba ya mpira kutali ndi eni mpirawo? A ku Lilongwe nawo sanali opanda mawu. Lilongwe ili pakati. Wa ku Karonga kapena Mzuzu asamachite kudutsa dziko lonse kuti akaone timu ya dziko lake. Komanso panali chilonda china: yunivesite ya sayansi ija, imene lero ndi MUST, inayeneranso kumangidwa ku Lilongwe koma inakathera ku Ndata, ku Thyolo, kwawo kwa Bingu. Ndiye ambiri a m'chigawo chapakati ankaona ngati mbale yawo ikungolandidwa kachiwiri. Mukaonetsetsa, mkanganowu sunali wa mpira wokha. Unali wa zigawo, ndi funso lakale lija lakuti chitukuko chimatsata anthu kapena chimatsata kwawo kwa mtsogoleri.

Bingu anamwalira pa 5 April 2012. Boma la Joyce Banda linabweza ntchitoyo ku Lilongwe, ndipo kampani ya ku China ya Anhui inaimanga ku Area 48 ndi ngongole ya ndalama pafupifupi madola 70 miliyoni. Pa 28 January 2017 Peter Mutharika anatsegulira bwalolo, Flames ikusewera ndi Guangzhou R&F ya ku China. Mipando yake ndi yoposa 40,000. Ndipo taonani mmene mbiri imasekera: bwalo linapatsidwa dzina la munthu yemwe ankafuna kuti likhale kwina.

Ngongole imeneyo ndi ya tonsefe. Mlimi wa mbatata wa ku Neno akagula katundu m'sitolo, msonkho wake ukupita m'thumba lomwelo limene likubweza ngongoleyo. Ndiye funso la amalume lija si lachibwana.

Patangotha miyezi isanu chitsegulire bwalolo, tinaphunzira mowawa kuti kufika pa sitediyamu si kulowa. Pa 6 July 2017, tsiku lokumbukira zaka 53 za ufulu, anthu miyandamiyanda anasonkhana kunja kwa bwalolo m'mamawa kudikira zisangalalo ndi masewero a Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zinachedwa kutsegulidwa. Anthu anayamba kukankhana, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo anthu 8 anafa atapondedwa. Mwa iwo, 7 anali ana. Zaka zonse zija tinkakangana za mzinda, sitinakanganepo za zipata: zilipo zingati, zitsegulidwa nthawi yanji, ana alowera kuti.

Phunziro lina linabwera mu 2021. Bungwe la CAF linakana mabwalo athu onse awiri, Kamuzu ndi Bingu yemwe, ponena kuti sakukwanira pa mlingo wofunika. Flames inakasewera masewero ake a pakhomo a mpikisano wopita ku World Cup ku Orlando Stadium, ku Johannesburg. Kumeneko ndi kumene tinagonjetsera Mozambique 1-0. Wa ku Blantyre ndi wa ku Lilongwe, amene anatha zaka akulozana zala, onse anaonera pa TV mofanana. Bingu itakonzedwa, mu June 2022 tinagonjetsa Ethiopia 2-1 ku Lilongwe, ndipo patangopita masiku ochepa Ethiopia yomweyo inabwereka bwalo lathulo n'kukwapulirapo Egypt 2-0. Bwalo limafuna kusamalidwa, apo ayi limasanduka chipilala.

Tsopano tibwerere kwathu. Neno inakhala boma palokha mu 2003, itagawidwa kuchoka ku Mwanza. Kuyambira nthawi imeneyo, nyimbo ya anthu a kuno ndi imodzi: msewu wa tara. Msewu wa Tsangano, Neno mpaka Mwanza walonjezedwa pa misonkhano yambiri ya ndale moti ana a sukulu amaudziwa ngati ndakatulo. Chodabwitsa n'chakuti misewu ikuluikulu sikuti ili kutali ndi boma lathu. Pa Zalewa, pamene msewu wa ku Mwanza umakumana ndi wa M1, ndi m'boma la Neno momwemuno, ndipo mabasi a Blantyre ndi Lilongwe amadutsa pamenepo tsiku lililonse. Njanji yochokera ku Moatize kupita ku Nacala nayo imadutsa m'boma lathu, itasenza malasha. Zonse zimadutsa, ife tikungoziona.

Tawerengerani nokha ulendo wa mnyamata wa ku Magaleta wofuna kukaona Flames. Adzuke kusanache, apeze njinga yamoto kapena galimoto ya matola yomufikitsa pa tara. Mvula ikagwa, ulendo ungathere pomwepo. Akafika pa tara adikire minibasi, kenaka basi ya ku Lilongwe, kenakanso ina yomufikitsa ku Area 48. Mpira ukamatha dzuwa lapendeka kale, kobwerera kulibe, ndiye pafunika pogona. Tikiti ya pachipata ndiyo yotchipa pa zonsezi. Blantyre ili pafupi ndi ife kuposa Lilongwe, zoona, ndipo mnzanga wa Maule uja akunena zomveka pamenepo. Koma ngakhale bwalolo likanamangidwa ku Blantyre, chigawo chovuta cha ulendo wathu chikanakhala chomwechi: kuchoka pakhomo kufika pa tara.

Malonjezo a masitediyamu sanathe. Anthu a ku Mzuzu akhala akudikira lawo kwa zaka, ndipo mu 2019 Bullets ndi Wanderers analonjezedwa mabwalo awoawo. Tsiku lina mkangano udzabukanso pa WhatsApp ndi pa Facebook, wina kukokera kwawo, wina kwawo. Ine pempho langa n'lakuti tikadzafunsa kuti "limangidwa kuti?", tidzafunsenso kuti "tikafikako bwanji, tikalowa bwanji, nanga tibwerako bwanji usiku?"

Nditawafotokozera amalume zonsezi, anangogwedeza mutu. "Mphwanga, wawerenga ndithu," anatero. "Koma Lamlungu usaiwale, anyamata athu akusewera pa bwalo la kusukulu. Kumeneko ndiye tipita wapansi."