William Koyi ku Njuyu: Zaka Zinai za Kudikira

Tikamakamba za amishoni oyamba m'dziko lino, m'maganizo mwathu mumabwera azungu a ndevu zazitali ochokera ku Scotland, ku France kapena ku Holland. Koma tikafufuza mbiri ya chikhristu m'boma la Mzimba, tipeza kuti mmishoni woyamba kukhazikika pakati pa Angoni a Inkosi M'mbelwa anali Mwafirika mnzathu, wa mtundu wa Axhosa a ku South Africa, dzina lake William Koyi. Sanali wa Eklezia wathu ai; anali wa mishoni ya Livingstonia, imene idabala Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP. Sadadzozedwe ubusa, ndipo adamwalira asanaone Mngoni ndi mmodzi yemwe akubatizidwa. Moyo wake ukutikakamiza ife ansembe, ndi ife amene tikukonzekera unsembe, kudzifunsa kuti ntchito ya mmishoni tiiyese ndi muyeso wotani.

Koyi adabadwa m'chaka cha 1846 pafupi ndi Thomas River, kuvuma kwa dziko la Cape. Pa unyamata wake adagwira ntchito za manja ku Uitenhage ndi ku Port Elizabeth, ndipo sukulu ya Lovedale adailoŵa mu 1871, ali kale ndi zaka 25. Mu 1876 mkulu wa sukuluyo, Dr James Stewart, adapempha anyamata odzipereka kukathandiza mishoni yatsopano imene idafika ku Cape Maclear chaka chapitacho. Adadzipereka anyamata 14, ndipo adasankhidwa anai: Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Koyi mwini adavomera pamaso pa anzake kuti maphunziro ake ngochepa, koma adati ngwokonzeka kupita ngakhale ntchito yake ikakhale yotema nkhuni ndi kutunga madzi. Wauchope adadwala pa njira nabwezedwa. Mngunana adamwalira ku Cape Maclear mu 1877. Ntintili adabwerera kwao mu 1880. Koyi nayenso adapita kwao kukapuma ndi kukakwatira, koma iye adabweranso.

Kuti timvetse chifukwa chake munthu wamaphunziro ochepayu adasanduka wofunika chotere, tiyenera kukumbukira kumene Angoni adachokera. Iwo adaoloka mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835 motsogoleredwa ndi Zwangendaba, ndipo atayenda mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, gulu la M'mbelwa lidadzakhazikika kumpoto kwa Malaŵi cha m'ma 1855. Chingoni chimene ankalankhula akuluakulu ao nchapachibale ndi Chixhosa. Motero Koyi ankamva mau ao, ndiponso ankadziŵa mwambo wa pa bwalo: polonjera mfumu, pokhala pansi, poyankha ndi pokhala chete. Mu Disembala 1878 iye ndi Alexander Riddel adaonana ndi M'mbelwa, ndipo mu 1879 adaperekeza Dr Robert Laws kwa mfumu yomweyo. Mau onse a mbali ziŵirizo ankadzera pakamwa pa Koyi.

Tsono nthaŵi imeneyo inali yovuta. Atonga ambiri amene anali pansi pa Angoni anali atathaŵira kunyanja, ndipo mu 1881 likulu la mishoni lidasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga omwewo. Kwa M'mbelwa ndi nduna zake zimenezi zinali ngati azungu asankha mbali. Adalola kuti amishoni akhale m'dziko lao, ndipo mu 1882 Koyi adakhazikika ku Njuyu, pafupi ndi mtsinje wa Kasitu ndi mudzi wa Hoho, kumpoto kwa kumene lero kuli tauni ya Mzimba. Koma sukulu adailetsa. Akuluakulu ankaopa kuti anyamata akaphunzira za m'buku adzayamba kukana nkhondo, ndipo ufumu wao unkadalira nkhondo pa ng'ombe, pa chakudya ndi pa anthu omwe. Tisaŵayese opusa: adaona bwino lomwe kumene chiphunzitso chatsopanocho chinkaloza.

Nanga mmishoni woletsedwa kuphunzitsa amatani tsiku lonse? Koyi ankamanga, ankalima, ankalandira alendo ndi kukhala nawo pansi nthaŵi yaitali. Pa Sabata ankalalika kwa amene abwera. Ankapita ku mabwalo a mafumu kukamvetsera milandu ndi madandaulo, ndipo mbiri ya nkhondo ikamveka ankatumiza mau ku Bandawe, kwinaku akuŵazuna mitima Angoni. Ankhondo ankamuwopseza ndi mikondo, ndipo zidachitikapo kuti anthu a pa mishoni ankagona ali okonzeka kuthaŵa. Kwa miyezi yambiri analibe mmishoni mnzake pafupi. Mnzake James Sutherland, mnyamata wa ku Scotland wodziŵa za ulimi, adamwalira mu 1885, chaka chimene Dr Walter Angus Elmslie adafika. Elmslie, m'buku lake Among the Wild Ngoni la 1899, akuchitira umboni kuti anthu adamutcha Koyi dzina lakuti umteteleli, ndiye kuti wolankhulira anthu, mkhalapakati.

Dzina limeneli tiliganizire bwino. Womasulira wamba amangosandutsa mau. Mkhalapakati amasenza mkwiyo wa mbali ina nkukautula ku mbali inzake m'njira yakuti umveke popanda kuyatsa moto, koma osaubisa. Munthu wotere sakhala ndi kwao kwenikweni: kwa Angoni Koyi anali munthu wa azungu, kwa azungu anali wothandiza wachikuda, wosadzozedwa. Chimene chidamusunga pakatipo nchakuti onse aŵiri adamuyesa kwa zaka zambiri napeza kuti sanama. Apa tikuona kuti kudikira kwake sikunali ulesi. Anthu asanakhulupirire zimene mlendo akunena za Mulungu wosaoneka, amayamba ayesa mau ake pa zinthu zooneka: pa malonjezo, pa mtengo wa chimanga, pa nkhani ya ng'ombe yotayika. Chikhulupiriro cha Koyi chidaonekera m'zinthu zazing'ono zotere, tsiku ndi tsiku, popanda woombera m'manja.

Kumayambiriro kwa 1886 mvula idachedwa kwambiri. Nsembe za kwa makolo zitalephera, akuluakulu adapempha amishoni kuti apemphere kwa Mulungu wao. Adapemphera, ndipo mvula idagwa. Patapita miyezi yoŵerengeka, mafumu adagwirizana zolola sukulu. Uthenga umenewu udampeza Koyi ali gone, akudwala matenda amene adamutenga pa 4 Juni 1886, ali ndi zaka 40. Adaikidwa ku Njuyu komweko. Ena amanena kuti mvula ija ndiyo idatsekula dziko la Angoni. Ife tikuti: akuluakulu aja sakadapita kukapempha pemphero kwa anthu amene sankaŵakhulupirira, ndipo chikhulupiriro chimenecho adachimanga ndi Koyi pa zaka zinai zija.

Zotsatira zake adaziona ndi ena. Sukulu idatsekulidwa ku Njuyu kumapeto kwa 1886. Ana a sing'anga Kalengo Tembo, amene ankabwera mobisa usiku kudzaphunzira pa nthaŵi ya chiletso, ndiwo adakhala oyamba: Mawelera ndi Makara Tembo adabatizidwa mu 1890, ndipo Mawelera adadzatchuka popeka nyimbo za m'tchalitchi pa maimbidwe a Chingoni. Mishoni ya Ekwendeni idayamba mu 1889, ya Hora mu 1893, ndipo Angoni atasunthira kumwera, Donald Fraser adaŵatsatira nakhazikitsa Loudon, ku Embangweni, mu 1902. Pamene Ansembe Oyera adatsekula Katete mu 1938, adafika pakati pa anthu amene anali atamva kale dzina la Khristu. Kuvomera zimenezi nchilungamo chabe, ndipo Msonkhano Wachiŵiri wa Vatikani udatiphunzitsa kuzindikira mokondwa ntchito za Mzimu Woyera mwa abale athu a mipingo ina.

Ku Kampala mu 1969, Papa Paulo VI adauza Aafirika kuti tsopano akhale amishoni kwa iwo eni. Koyi adazichita zaka zopitirira 90 mau ameneŵa asanalankhulidwe. Ambiri mwa ife tidzatumidwa kumene chilankhulo si chathu: Mcheŵa pakati pa Atumbuka, Mtumbuka pakati pa Asena, ena kunja kwa dziko. Kumeneko tidzafunsidwa ziŵerengero za obatizidwa, za maukwati ndi za matchalitchi omangidwa, ndipo ziŵerengerozo zili ndi ntchito yake. Komabe tikadamuyesa Koyi ndi muyeso umenewo mu Juni 1886, tikadalemba kuti adalephera. Motero wansembe wachinyamata amene wakhala zaka ziŵiri kapena zitatu pa malo ouma asafulumire kupempha kuti amusamutse. Ayambe wadzifunsa ngati waphunzira chilankhulo cha anthuwo mpaka kumva ndi miyambi yao yomwe, ngati wakhala nawo pansi pa maliro ndi pa milandu, ndiponso ngati pa mudzipo alipo kale munthu amene angachitire umboni kuti mlendo uja sanama.