Kumene ulimi wa nandolo ndi mtedza m'munda umodzi unachokera

Ambiri mwa ife tikamadzala nandolo pakati pa mtedza timangoti ndi malangizo a alangizi. Koma njirayi ili ndi mbiri yake, ndipo pa chikondwerero cha zaka 10 za kopaletivu yathu ndi bwino tiidziwe.

Mu 1994 ndalama ya kwacha inagwa mphamvu, ndipo m'zaka zomwezo boma linasiya kuthandizira pa mtengo wa feteleza. Alimi ambiri anayamba kudzala chimanga chopanda feteleza m'nthaka yoguga kale. Akatswiri a ku Bunda College, yomwe lero ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, anayamba kufufuza mbewu zobwezeretsa chonde. Mmodzi mwa iwo anali Pulofesa George Kanyama-Phiri, yemwe ankagwira ntchito limodzi ndi Dr Sieglinde Snapp, amene pambuyo pake anapita ku Michigan State University.

Chomwe chinasintha zinthu n'chakuti kafukufukuyu sanathere kumpanda wa sukulu. Anamutengera kumudzi mwa njira ya "munda wa mayi ndi minda ya ana". M'munda wa mayi ankayesamo njira zonse pamodzi kuti mudzi wonse uziona. Mlimi aliyense ankasankhapo njira ziwiri kapena zitatu n'kukayesa kwake, kenako n'kunena maganizo ake.

Apa m'pamene alimi anawaphunzitsa ophunzira. Kalongonda ankaonjezera chonde kwambiri, koma ambiri sanamufune. Amene anaphikapo kalongonda akudziwa nkhuni zimene amatha! Mthuthu nawo sudyedwa. Alimi, makamaka amayi, ankafuna mbewu yokonza nthaka koma yopatsanso ndiwo ndi ndalama. Nandolo ndi mtedza zinapambana chifukwa sizilimbana. Nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, ndiye mtedza umakhwima bwinobwino. Tikakumba mtedza, nandolo amatsala yekha, mizu yake yozama n'kumamwa chinyezi cha pansi pomwe mbewu zina sizifika. Masamba ake akayoyoka amasanduka manyowa a chimanga cha chaka chotsatira.

Kafukufuku anapitirira ku Ekwendeni, ndipo kuyambira 2012 ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mu 2016 boma linavomereza njirayi kuti alangizi tiziiphunzitsa m'dziko lonse.

Komabe sayansi sinathetse zonse. Mbuzi zikamasulidwa chilimwe nandolo asanakololedwe, mlimi amangolira. Izi zimafuna mafumu ndi malamulo a m'mudzi, osati labotale. Za msika ndiye musanene. Mu 2017 dziko la India, lomwe limagula nandolo wathu wambiri, linachepetsa kugula kunja, mtengo n'kugweratu. Ena anazula nandolo ndi mkwiyo. Mu 2021 Malawi ndi India anagwirizana zoti tizitumiza matani 50,000 pachaka kwa zaka 5, koma mlimi wa matumba atatu sangaufikire msika umenewu payekha. Amaufikira nandolo wake akasonkhanitsidwa ndi wa anzake, wopetedwa bwino, wouma, m'nyumba imodzi yosungiramo katundu.