Wailesi, Jekeseni ndi Mphekesera za Uchembere pa Mafamu a ku Mashonaland, 1949 mpaka 1981

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya mphekesera imodzi imene inakhalitsa pakati pa antchito a pa mafamu a ku Mashonaland: yakuti boma la atsamunda linali ndi chiŵembu chouma anthu akuda kuti asabereke. Olemba ambiri a nthaŵi imeneyo anati gwero lake linali umbuli. Ife tikuti gwero lake linali chinenero ndi chikhulupiriro, ndiko kuti, amene anali kulankhula za umoyo analankhula m'mawu achilendo, ndiponso ndi pakamwa pomwe panatulukapo kale bodza.

Tiyambe ndi anthuwo. Kuyambira 1903 bungwe la Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu analitcha chibalo, linali kusonkhanitsa amuna kumpoto kwa Zambezi. Mu 1936 boma la Southern Rhodesia linayamba kunyamula apaulendo pa malole a ulere, ndipo mu 1946 kunabwera Mthandizi. Lamulo la 1958 linayamba kutsekera alendo ena ntchito za m'matauni, ndipo ambiri ochokera ku Nyasaland ndi ku Tete anathera pa mafamu a fodya ndi chimanga a ku Mazowe, Bindura, Mvurwi, Banket ndi Karoi. M'komboni analankhula Chinyanja, kwa anansi awo Chishona, koma kwa mwini famu Chilapalapa. Chinenero chotsirizachi n'cholamulira ntchito. Chili ndi mawu okwanira kutuma munthu kukathyola fodya, koma chilibe mawu ofotokozera mayi chimene mankhwala adzachita m'thupi mwake.

Mawu a wailesi m'Chinyanja anafika kwa anthu ameneŵa kuchokera ku Lusaka, kumene Central African Broadcasting Station inali kuulutsira anthu akuda a maiko atatu, Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1949, mwa khama la Harry Franklin, kunatuluka kawailesi kotsika mtengo ka Saucepan Special, koyendera mabatire, ndipo anthu wamba anayamba kumva nyimbo zakwawo pamodzi ndi maphunziro a ukhondo ndi ulimi. Koma m'zaka za 1952 ndi 1953 wailesi yomweyo inali kuŵerenga zolengeza za boma zokometsa Chitaganya, chimene anthu akuda anachikana. Pamenepo ku Northern Rhodesia kunabuka mphekesera yakuti shuga wa m'masitolo wathiridwa mankhwala oumitsa anthu, ndipo oulutsa mawu akuda anawanena kuti ndi anyamata a opopa magazi. Peter Fraenkel, amene anagwira ntchito pa wailesiyo, anasimba zimenezi m'buku lake la Wayaleshi la 1959. Phunziro lake n'lakuti liwu limene lanama pa ndale silikhulupirikanso pa za chipatala, ngakhale linene zoona.

Kanema wa m'nyumba anayamba ku Salisbury mu November 1960, koma anali wa Chingerezi, ndipo anafuna magetsi amene m'komboni munalibe. Wantchito wa pa famu anali kumva za dziko kupyolera mu wailesi, kanema woyendayenda wa pa galimoto, nyuzi yaulere ya boma ya African Times, ndiponso mwa mnzake wobwera kumene. Smith atalengeza ufulu wake mu 1965, Rhodesia Broadcasting Corporation inasanduka pakamwa pa chipani cholamula. Nkhondo itakula kuyambira pa Altena Farm ku Centenary mu December 1972, boma linalimbikitsa mawailesi ogwira FM yokha, kuti anthu asamve mawu a omenyera ufulu, monga Voice of Zimbabwe imene pambuyo pake inali kuulutsidwa kuchokera ku Maputo.

M'zaka zomwezo nyuzi ndi andale a azungu anali kubwereza nthano yawo: kuti vuto lalikulu la dzikolo ndi kuswana kwa anthu akuda. Nthano imeneyi inabisa zoona za m'komboni, kumene ana anali kupinimbira ndi njala pakati pa nkhokwe zodzala, madzi anali a m'madamu, ndipo wantchito analamulidwa ndi Masters and Servants Act ya 1901. Omenyera ufulu anayankha ndi mawu awo: kuti kulera ndi chida cha mzungu chochepetsera mtundu. Mayi wa pa famu anatsala pakati pa mawu aŵiriŵa, ndipo panalibe amene anamfunsa.

Apa ndi pamene jekeseni ya Depo-Provera inaloŵera. Bungwe la Family Planning Association of Rhodesia linaifalitsa kwambiri m'zaka za m'ma 1970, ndipo pa mafamu linali kuloŵa ndi chilolezo cha mwini malo. Jekeseniyi imabayidwa kamodzi pa miyezi itatu. Lero tidziŵa kuti siumitsa munthu, koma imasokoneza kusamba, ndipo mayi akaileka papita miyezi yambiri asanatengenso pathupi. Taganizani mayi amene sanauzidwe zimenezi m'chinenero chake: mwezi wapita, wachiŵiri wapita, sakusamba ndipo mimba palibe. Iye akanena kuti amupha chiberekero, walakwa pa sayansi, koma wanena chimene waona. Akuluakulu anati utsi sufuka popanda moto.

Motowo unalipodi. Amy Kaler, amene anafunsa ogwira ntchito za kulera a m'zaka zimenezo ndi kulemba buku la Running After Pills la 2003, anasonyeza kuti pa mafamu ena akazi anakakamizidwa kubayitsa poopa kuchotsedwa ntchito. Kwa banja lochokera ku Dedza kapena ku Angonia, lopanda munda m'dera la mfumu iliyonse ya ku Rhodesia, kutaya ntchito kunali kutayanso nyumba. Komatu anasonyezanso mbali ina imene mawailesi onse aŵiri sanaitchule: akazi ambiri anaifuna okha jekeseniyo, chifukwa inali yobisika kwa amuna awo ndi apongozi. Motero mankhwala amodzimodziwo anali goli kwa wina, kwa wina pothaŵira.

Kwa ife ophunzira zinenero, chomvetsa chisoni n'chakuti mawu oyenera analipo. Acheŵa anadziŵa kale kuipa kwa kutumbiza. Anali ndi mwambo wa kudika kufikira mwana atakula, anali ndi mkuzi womanga m'chiuno, ndipo anamkungwi ndi azamba anali kulangiza zimenezi. Liwu lakuti kulera poyamba limanena za kusamala mwana amene alipo, osati kukana amene akudza. Boma la Malaŵi, limene linaletsa ntchito zoterezi m'zaka za m'ma 1960, linazilola mu 1982 pozitchula kuti ndi kupatsa mpata pakati pa ana. Pa mafamu a ku Mashonaland uthengawo unadza ndi chiŵerengero cha boma ndi belu la kapitao, wosadzera kwa anamkungwi.

Mu 1981 nduna ya za umoyo ya Zimbabwe, Dr Herbert Ushewokunze, inaletsa Depo-Provera, ndipo chaka chomwecho boma linatenga bungwe la za kulera lija. Chiletsocho chinachotsa chida cha okakamiza, koma chinalandanso akazi ena njira yokhayo imene anali nayo. Jekeseniyi inabwereranso mu 1992, chaka chimene dziko la United States nalonso linaivomereza. Chimene chinasintha zinthu koposa chinayamba mwakachetechete ku Bindura mu 1981, pamene unduna wa za umoyo ndi bungwe la Save the Children anayamba kuphunzitsa anthu osankhidwa m'komboni momwemo, makamaka akazi, kuti akhale alangizi a za umoyo. Amene anali kunena za katemera, zimbudzi ndi kulera tsopano anali mnansi wotunga naye madzi pa chitsime chimodzi.

Makomboni ambiri anabalalika pa kulandidwa kwa mafamu kuyambira 2000, ndipo Chicheŵa chinadzalembedwa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka m'malamulo a Zimbabwe mu 2013, eni ake atamwazikana kale. Mphekesera ija sinafe: mu 2021 inamvekanso pa WhatsApp, ikunena kuti katemera wa Covid-19 amaumitsa anthu. Ntchito imene yatsalira ife ndi yofulumira. Amayi amene anabayidwa m'zaka za m'ma 1970 akalamba, ndipo mawu amene anatchulira jekeseni, namwino ndi thupi lawo sanalembedwe mokwanira. Tiyenera kuwapeza ku Shamva, ku Trelawney ndi ku Epworth, tiwamvetsere m'chinenero chawo, chifukwa womasulira za umoyo amene sadziŵa mawu amenewo adzabwereza cholakwa cha wailesi ya 1953.