Mbiri ya Mitengo Yachilengedwe m'Minda ya m'Malawi

Kale mlimi akamatsegula mphanje, sankagwetsa mtengo uliwonse umene wakumana nawo. Misuku, mipoza, mikuyu ndi misangu inkasiyidwa ili chiimire pakati pa mbewu. Kumanda nako kudali koletsedwa kudula mitengo mwachisawawa, kotero kuti mudzi uliwonse udali ndi msitu wake momwe mbalame, agologolo ndi njuchi zinkakhalamo. Malamulo amenewa sadalembedwe m'buku, koma phindu lake linkaoneka m'nkhokwe ndi m'ming'oma ya uchi.

Msangu ndi chitsanzo chabwino. Mtengowu umayoyola masamba m'dzinja, choncho suphimba chimanga, ndipo masambawo akaola amaonjezera chonde m'nthaka. Mvula ikaleka, umachita maluwa amene njuchi zimadyako. Njuchi zomwezo ndizo zimanyamula mungu kuchoka pa duwa lalimuna la dzungu kupita pa lalikazi, ndipo popanda izo kadzunguko kamangofota n'kugwa. Nawo mlambe umatsegula maluwa ake madzulo, ndipo mileme ndiyo imautumikira usiku. Motero amene ankasunga mitengo ankasunganso antchito osalipidwa a m'munda mwake.

Zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 1891 pamene dziko lino lidalowa mu ulamuliro wa Britain. Katswiri wa zomera, Alexander Whyte, amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, adatsegula munda ku Zomba woyeseramo mbewu ndi mitengo yochokera kunja. Ku Thyolo ndi ku Mulanje misitu idagwetsedwa kuti papezeke malo a khofi ndi tiyi, ndipo kwina fodya adatha nkhuni zosawerengeka. Boma la atsamunda lidayamba kupatula nkhalango za m'midzi mu 1926, komabe mtima wake udali pa mitengo ya matabwa yokula msanga.

Ufulu wa 1964 sudasinthe maganizowa. Ku Chikangawa, m'mapiri a Viphya, kudabzalidwa mahekitala pafupifupi 53,000, ambiri mwa iwo a paini, pofuna kudyetsa fakitale ya mapepala imene sidamangidwe n'komwe. Tsiku lobzala mitengo litakhazikitsidwa mu 1976, mbande zimene zidafala m'sukulu ndi m'midzi zidali za bulugamu ndi malaina. Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo zoonadi mitengoyi idapereka milimo, nkhuni ndi matabwa m'zaka zowerengeka. Koma kalumoko kadachekanso kwina. Paini alibe timadzi totsekemera ta njuchi chifukwa mungu wake umauluka ndi mphepo, ndipo pansi pa mitengo yothithikanayi sipamera zitsamba zambiri zoti agulugufe ndi mbalame n'kupezapo chakudya.

Pang'onopang'ono maso adayamba kubwerera ku mitengo yakwawo. Mu 1984 mkungudza wa m'phiri la Mulanje udasankhidwa kukhala mtengo wa fuko. Mu 1987 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe losunga ndi kufufuza zomera za dziko lino, lomwe lili ndi minda ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Lamulo la zankhalango la 1997 lidapatsa anthu a m'midzi mphamvu zosamalira misitu yawo. Ngakhale zidali choncho, kafukufuku wa mu 2017 adapeza mikungudza ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonse la Mulanje, umboni wakuti ulemu wa papepala suletsa sowo.

Chimene chathandiza kwambiri ndi nzeru yakale ija. Alimi ambiri ayambanso kusiya misangu m'minda ndi kulera mphukira za pa zitsa m'malo mozitentha. Msuku umachedwa kubala ndipo mbawa sikula ngati bulugamu, koma ndiyo mitengo imene njuchi, mbalame ndi nthaka ya kuno zidazolowerana nayo kuyambira kalekale. Paja mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.