Mbiri ya Nyumba za Mipingo Zosungira Achinyamata Ogwira Ntchito M'mizinda

Kwa zaka zoposa 170, mipingo ndi mabungwe achikhristu akhala akuyendetsa nyumba zogona m'mizinda ikuluikulu, makamaka ku Ulaya ndi ku America, pofuna kusungiramo anyamata ndi atsikana a pa mphala omwe achoka kwawo kukayamba ntchito. Nyumbazi zimasiyana ndi sukulu zogonera konko chifukwa okhalamo ndi anthu olandira malipiro amene amadzilipirira okha lendi, ndipo zimasiyananso ndi malo ogona alendo chifukwa munthu amakhalamo miyezi kapena zaka, akudya pamodzi ndi anzake komanso akumvera malamulo a eni nyumba. Maziko ake anali pangano losalembedwa, loti wachinyamata alolere kutaya gawo la ufulu wake kuti apeze chipinda chotsika mtengo, chakudya ndi anthu ocheza nawo, ndipo kukula ndi kuchepa kwa nyumbazi kwakhala kukutsatira mmene m'badwo uliwonse waonera kufunika kwa ufuluwo.

Gwero la nyumbazi ndi kuchuluka kwa mafakitale m'zaka za m'ma 1800, pamene achinyamata ambirimbiri anasiya minda n'kukhamukira m'mizinda, moti chiwerengero cha anthu a mu London, chomwe chinali pafupifupi 1 miliyoni mu 1801, chinali chitapitirira 2 miliyoni pofika mu 1851. Anyamata ogulitsa m'masitolo a nsalu ankagona mothithikana m'zipinda zapamwamba pa sitolo za abwana awo, ndipo akaweruka madzulo malo okha amene ankawalandira anali omwera mowa. Mmodzi wa anyamatawa, George Williams, anasonkhanitsa anzake pa 6 June 1844 n'kuyambitsa bungwe la anyamata achikhristu lotchedwa YMCA, lomwe poyamba linali la mapemphero ndi kuwerenga Baibulo basi. Bungweli silinali la mpingo umodzi, koma linadalira abusa ndi amalonda a mipingo ya Chipulotesitanti, ndipo litafika ku America linazindikira kuti n'kovuta kusamala moyo wauzimu wa mnyamata yemwe alibe pogona pabwino, motero nyumba yake ya Farwell Hall, yomwe inatsegulidwa ku Chicago mu 1867, inali ndi zipinda zogona 42.

Mpingo wa Katolika unayamba kulimbana ndi vutoli pakati pa amisiri. Ku Germany kunali mwambo woti mnyamata akamaliza kuphunzira luso la manja, monga ukalipentala kapena kusoka nsapato, aziyendayenda m'mizinda kwa zaka zingapo akugwira ntchito kwa amisiri osiyanasiyana, ndipo kale ankagona ndi kudya m'nyumba ya bwana wake ngati mwana wapakhomo. Mafakitale atasokoneza mwambowu, anyamatawo anasanduka aganyu opanda pogona. Adolph Kolping, yemwe anali wosoka nsapato asanadzozedwe unsembe mu 1845, ankawadziwa bwino mavutowa, choncho anakhazikitsa bungwe la amisiri achinyamata ku Cologne mu 1849, ndipo mu 1853 anatsegula nyumba yomwe mmisiri wapaulendo ankapezamo bedi, chakudya ndi maphunziro a madzulo. Pomwe ankamwalira mu 1865, nthambi za bungweli zinali zitapitirira 400. Ku Turin, m'dziko la Italy, wansembe wina, Giovanni Bosco, anayamba mu 1847 kusunga anyamata ogwira ntchito pakhomo pake ku Valdocco, amayi ake a Margherita akuwaphikira, ndipo ankasainirana mapangano ndi olemba ntchito pofuna kuti anyamatawo asamenyedwe kapena kumanidwa tsiku lopuma.

Nkhawa yaikulu ya mipingo inali pa atsikana, chifukwa malipiro awo anali ochepa kwambiri kuyerekeza ndi a amuna, ndipo anthu ankakhulupirira kuti mtsikana wokhala yekha mumzinda sachedwa kugwa m'manja mwa onyenga. Mu 1855 Mary Jane Kinnaird anatsegula nyumba ku London yofikiramo anamwino opita ndi ochokera ku nkhondo ya ku Crimea, yomwe pambuyo pake inayamba kulandira atsikana ena ogwira ntchito, ndipo mu 1877 ntchito yake inaphatikizidwa ndi gulu la mapemphero la Emma Robarts n'kukhala YWCA, bungwe la atsikana achikhristu. Mpingo wa Angilikani unali ndi Girls' Friendly Society, yomwe Mary Elizabeth Townsend anayambitsa mu 1875 kuti izithandiza atsikana akumudzi okagwira ntchito zapakhomo m'mizinda. Ku New York, kumene kunkafikira anthu ochokera m'maiko ambiri, nyumba zina zinkatsata mtundu, chiyankhulo kapena mpingo: Leo House ya mu 1889 inali ya Akatolika ochokera ku Germany, Jeanne d'Arc Residence ya mu 1896 inayambira pa atsikana oyankhula Chifalansa, ndipo a mpingo wa Quaker anatsegula Penington Friends House mu 1897.

Nyumbazi zinafika pachimake m'zaka zapakati pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse, pamene maofesi, mabanki ndi makampani a lamya ankalemba akalaliki, otaipa ndi olumikiza mafoni ambiri. Pofika mu 1940 YMCA ya ku America inali ndi zipinda pafupifupi 100,000, ndipo mpingo wa Salvation Army unali ndi nyumba za atsikana zotchedwa Evangeline, potengera dzina la mtsogoleri wake Evangeline Booth, kuphatikizapo Markle Residence yomwe inatsegulidwa ku New York mu 1930. Moyo wa m'nyumba za atsikana unkafanana m'mizinda yambiri. Wofuna malo ankabwera ndi makalata omuchitira umboni, kawirikawiri ochokera kwa m'busa kapena kwa bwana wake, ndipo lendi ya pa sabata inkaphatikizapo chakudya cha m'mawa ndi cha madzulo, chomwe chinkadyedwa pa nthawi yoikika m'chipinda chimodzi chodyera. Chitseko chinkakhomedwa pa ola lodziwika usiku, mowa unali woletsedwa, ndipo mwamuna, ngakhale atakhala mlongo wake wa mtsikanayo, ankathera m'chipinda chochezera chapansi, pamaso pa mayi woyang'anira nyumba. Tingaziyerekeze ndi gowelo la kumudzi, momwe achinyamata amagona paokha atatuluka m'nyumba ya makolo koma akadali pansi pa maso a akuluakulu, kusiyana kwake kukhala koti kuno akuluakuluwo sanali abale, ndipo wophwanya lamulo ankatha kuuzidwa kuti alongedze.

Chitetezo chimenechi sichinkaperekedwa kwa onse mofanana. Ku America nyumba zambiri zinkakana anthu akuda, moti iwo anamanga zawo, mothandizidwa ndi wamalonda Julius Rosenwald, yemwe mu 1910 analonjeza madola 25,000 ku mzinda uliwonse umene ukanasonkha madola 75,000 omangira YMCA ya anthu akuda. YMCA ya ku Harlem inakhala pofikira pa achinyamata ochokera kummwera kwa dzikolo, ndipo alembi otchuka monga Langston Hughes, Claude McKay ndi Ralph Ellison anagonamo. Ku Johannesburg, amishoni a Angilikani, a Methodist ndi a American Board anatsegula mahositelo a atsikana akuda ogwira ntchito m'nyumba za azungu, ndipo yodziwika kwambiri inali Helping Hand Club, yomwe Clara Bridgman anakhazikitsa mu 1919. Mahositelowa ankapereka pogona potetezeka mumzinda womwe malamulo ake sankafuna kuti mkazi wakuda akhazikikemo, komabe ankathandizanso mabanja a azungu kupeza antchito ophunzitsidwa kuphika ndi kuchapa, chomwe n'chifukwa chake katswiri wa mbiri yakale Deborah Gaitskell anawafanizira ndi makomboni a m'migodi. Pamapeto pake ulamuliro wa tsankho sunawalole kupitirira m'madera omwe unapatulira azungu.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, pangano lakale lija linayamba kutha mphamvu pa zifukwa zingapo zimene zinabwera nthawi imodzi. Malipiro a achinyamata ophunzira anakwera, kuchita lendi nyumba ndi anzako kunasiya kukhala chinthu chochititsa manyazi, ndipo mtsikana wolandira ndalama zake sanaonenso chifukwa chopemphera chilolezo chobwera usiku. Nawo anthu amene ankagwira ntchito m'nyumbazi popanda malipiro enieni anachepa, popeza masisitere a ku America, omwe anali pafupifupi 180,000 mu 1965, anatsika kufika pa ochepera 50,000 patatha zaka 50. Zipinda zambiri za YMCA zinasanduka pothawira pa amuna osauka ndi okalamba, ndipo nthambi zochuluka zinasiya zogoneka anthu n'kuika mtima pa masewera olimbitsa thupi. Malo amene nyumbazi zinamangidwapo anakweranso mtengo kwambiri, moti mipingo inakopeka kuwagulitsa, monga momwe Salvation Army inachitira ndi Parkside Evangeline ya ku Gramercy Park m'zaka za m'ma 2000, yomwe inasandutsidwa nyumba za anthu olemera ngakhale kuti okhalamo anayesa kukana kubwalo la milandu.

Zimene anthu omwe anakhalamo amakumbukira sizifanana kwenikweni ndi zimene oyambitsa ankafuna. Oyambitsawo ankaganiza za mapemphero ndi makhalidwe, pamene okhalamo amakamba kwambiri za tebulo la chakudya cha madzulo, pomwe mlendo wongofika kumene ankamva za ntchito yomwe yapezeka, za lamya imodzi ya m'khonde yomwe onse ankaidikirira, za kubwerekana zovala zopitira kukafunsira ntchito, ndiponso za ubwenzi umene unapitirira mpaka ku ukalamba. Amakumbukiranso kuwawa kwa kuyang'aniridwa ngati ana, ndi anzawo omwe anathamangitsidwa chifukwa cha pathupi kapena chifukwa chodutsa msinkhu wololedwa.

Nyumba zimene zatsala masiku ano zapulumuka chifukwa chosintha panganolo. Ku Germany bungwe la Kolping likusungabe achinyamata ophunzira ntchito kutali ndi kwawo, ku France kuli nyumba za achinyamata apantchito zomwe zambiri zinayambira m'magulu a Katolika ndipo tsopano zimathandizidwa ndi boma, ndipo ku New York nyumba zochepa za masisitere, za Quaker ndi za Mennonite zimalandira anthu a zipembedzo zosiyanasiyana, m'malo ena okhalamo akugawana okha ntchito zapakhomo ndi kukambirana malamulo pamsonkhano. Kukwera kwa lendi kwachititsa kuti zipindazi zizifunidwanso, ndipo makampani ochita malonda ayamba kugulitsa moyo wokhala pamodzi pamtengo wokwera. Chosowa m'mizinda sichinasinthe kuchokera m'masiku a Williams ndi Kolping, koma mpingo umene ukufuna kuchikwaniritsa lero uyenera kulandira wachinyamata ngati munthu wamkulu amene ali ndi kiyi wake wa pakhomo.